Funsani Mlangizi: Kodi ma ramps a ku America angamere ku Mzuzu?

Funso: A mlangizi, mwana wanga wamkazi ndi namwino ku West Virginia, m'dziko la America. Mu Epulo ananditumizira zithunzi pa WhatsApp za ndiwo ina yam'tchire yomwe kumeneko amati ramps. Masamba ake ndi otambalala, pansi pali kamutu koyera konga ka anyezi wamng'ono, ndipo akuti kukoma kwake n'kwa adyo ndi anyezi pamodzi. Wandilonjeza kuti pobwera pa Khirisimasi anditengera njere. Poti kuno ku Mzuzu nako kumazizira, kodi ndikadzala kuseri kwa nyumba zingamere? — Mayi wa ku Katoto

Yankho: Mayi, muuzeni mwanayo kuti pamalo a njerezo m'sutikesi ayikepo nsapato za adzukulu. Ndikudziwa kuti si yankho limene mumayembekezera, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino, mungaganize kuti ndakana chifukwa cha ulesi.

Ma ramps ndi achibale enieni a anyezi ndi adyo, ndipo akatswiri a zomera amawatcha Allium tricoccum. Kwawo ndi kum'mawa kwa North America, kuchokera ku Quebec m'dziko la Canada, kutsika ndi mapiri a Appalachia mpaka ku Tennessee ndi North Carolina. Kumene kuli mwana wanuko ndiye kuchimake. M'tauni ina yaing'ono ya ku West Virginia komweko, yotchedwa Richwood, amachita kukonza phwando la ma ramps chaka ndi chaka mu Epulo, anthu n'kumadyera pamodzi ndi mbatatesi zokazinga, nyemba ndi nyama ya nkhumba. Choncho mwanayo sakukokomeza ayi.

Tsono taonani mmene chomerachi chimakhalira kwawoko. Chimamera pansi pa mitengo ikuluikulu yoyoyola masamba, monga maple ndi beech, m'dothi lakuda lachinyezi, lodzadza ndi masamba owolerana. Pofika Novembala mitengo ija imakhala itayoyola masamba onse, kenako kumagwa sinowo, nthaka n'kuzizira miyezi itatu kapena inayi, usiku ndi usana womwe. Kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo sinowo akasungunuka, mitengo imakhala idakali mbulanda, dzuwa n'kumafika mpaka pansi. Kampata kameneko ndiko ma ramps amakadikira chaka chonse. Amatulutsa masamba awiri kapena atatu, n'kudya dzuwa kwa masabata 5 kapena 6 okha basi. Mitengo ikaphuka n'kutseka kumwamba, masamba aja amachita chikasu n'kufota. Mu Juni kapena Julayi pamatuluka kaphesi kokhakokha kopanda tsamba, kosenza timaluwa toyera, timene timadzabereka tinjere takuda tonyezimira. Miyezi ina yonseyo kamutu kaja kamangogona pansi, phee.

Kuzizira kwathu n'kwa mtundu wina. Inde, mu Juni ndi Julayi m'mawa kuno kumachita nkhungu, chiperoni chikabwera timasonkha mbaula m'nyumba, ana kumapita kusukulu manja ali m'khwapa. Koma ikamakwana 12 koloko majekete tavula, madigiri ali cha m'ma 20, ndipo kudimba kabichi ndi mpiru zikukula mosavuta. Nthaka yathu siizizira mpaka mkati. Ngakhale ku Chelinda pamwamba pa Nyika, kumene chisanu chimawaula udzu usiku, dzuwa likangokwera chisanucho chatha. Kamutu ka ramps kamafuna kuzizira kosalekeza kuti kadzuke bwino. Kakapanda kukupeza kamangonka kafooka mpaka kuferatu.

Palinso china chimene ambiri saganizira. Kwawoko kuzizira kukatha kumabwera chinyezi. Kuno kuzizira kukatha kumabwera fumbi la Seputembala ndi dzuwa la Okutobala. Mitengo yathu ya mombo ndi tsamba imayoyola nthawi imene nthaka yauma gwa, ndipo mvula ikamafika imapeza yaphuka kale. Ndiye pamene dzuwa lafika pansi madzi kulibe, pamene madzi abwera kumwamba kwatsekeka. Wina anganene kuti nanga ku Chikangawa, kuja kumazizira koposa? Pansi pa paini mthunzi ndi wa chaka chonse, dothi lake ndi la asidi, ndipo ngakhale ku America komweko ma ramps sakonda pansi pa paini.

Tiyerekeze kuti mwakakamirabe. Njere ya ramps imafuna nyengo ziwiri motsatizana: miyezi ingapo ya kufunda ndi chinyezi kuti muzu utuluke, kenako miyezi ingapo ya kuzizira kuti tsamba lituluke. Zikayenda bwino pamapita miyezi 6, zikaphonyana miyezi 18. Chaka choyamba chimene mungaone ndi katsamba kamodzi kowonda, koti mwana wopalira akhoza kukazula poyesa udzu. Kuti kamutu kafike poti n'kudya pamapita zaka 5 mpaka 7, ndipo apa ndikunena za kwawo kumene nyengo ikulola. Mdzukulu amene wayamba sitandade 1 chaka chino akhoza kudzafika powerengera mayeso a sitandade 8 inu musanalaweko. Anzanga ena okonda kuyesa zinthu amati njerezo uzisunge mumchenga wonyowa m'firiji. Njere ikhoza kumeradi motero, koma kamutuko kadzafuna kuzizira komweko chaka chilichonse. Kodi muzidzafukula bedi lonse n'kumaligoneka m'firiji miyezi itatu, ndi kuthimathima kwa magetsi tili nakoku?

Musaiwalenso za lamulo. Njere, mbande kapena mitu ya zomera sizilowa m'dziko muno mwachisawawa. Pamafunika chilolezo cha unduna wa zamalimidwe ndi chikalata cha kumene zachokera chotsimikiza kuti zilibe matenda, apo ayi pabwalo la ndege akhoza kulanda. Si nkhanza ayi. Pali matenda ena a anyezi ndi adyo owoletsa mitu, obwera ndi chuku choyera, amene akalowa m'dothi amatha kukhalamo zaka 20. Ngati mukufuna kumva ndondomeko yake, pitani kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Lunyangwa, m'tauni momuno.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi: dzalani adyo, koma muzimudya adakali wanthete. Ine kudimba kwanga cha ku Lupaso ndimachita chonchi. Mvula ikamalekeza, mu Epulo kapena Meyi, ndimagula adyo wathu wakonkuno wa mitu ing'onoing'ono, n'kumasula tizigawo take osasenda khungu. Ndimatibzala kansonga kali m'mwamba, kuya masentimita 3, motalikirana masentimita 5 okha poti sindikufuna mitu. Bedi likhale la manyowa owolerana bwino, mukaliphimbire ndi udzu wouma ndipo muzithirira m'mawa. Pakatha masabata 6 mpaka 8 mumazula tiadyo ta tsinde loyera ndi masamba obiriwira, mutu usanayambe kugawikana. Mukatiduladula, masamba ndi tsinde lomwe, n'kukazinga pang'ono ndi mazira kapena mbatatesi, fungo limene limatuluka m'khitchini ndi la pakati pa adyo ndi anyezi, lija akunena mwana wanuyo. Musapsereze, poti adyo akapserera amawawa. Mzere umodzi mubzale motalikirana masentimita 10 ndipo muusiye ukhwime. Pofika Seputembala kapena Okutobala masamba akayamba kuuma mwapeza mbewu ya chaka chamawa.

Pali kenanso kamene mwina muli nako kale pakhomo ngati duwa chabe. Ndi kachomera ka masamba owonda ndi timaluwa ta pepo, kamene ukakakhudza manja amanunkha adyo. Dzina lake ndi Tulbaghia violacea, kwawo ndi ku South Africa, ndipo kumeneko masamba ake amathira m'ndiwo. Sikafuna sinowo, kamapirira chilala, mukakadula kamaphukanso. Koma musanalawe duwa lililonse, werengani kaye zimene ndawayankha mayi a ku Msongwe m'munsimu.

Funso: Ndine mnyamata wa ku Luwinga, ndikuphunzira ku Pennsylvania ndipo magazini ino ndimawerenga pa intaneti. Anzanga akuno akuti Epulo akubwerayu tikazule ma ramps kunkhalango. Ndingawazindikire bwanji, nanga ndizule ochuluka bwanji?

Yankho: Achimwene, pitani, koma mphuno ndi maso zikhale tcheru. Tsamba la ramps ndi losalala, lofewa, ndipo kawirikawiri chakumunsi kwake n'kofiirira. Mukalitikita limanunkha anyezi ndi adyo mosakayikitsa. M'nkhalango zomwezo, nthawi yomweyo, mumamera chomera china chotchedwa false hellebore, cha masamba a mizeremizere ooneka ngati anachita kupindidwa, chokonda malo onyowa. Chimenecho ndi poizoni. Munthu amasanza, mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo anthu amagonekedwa nacho m'chipatala. Palinso lily of the valley, nayenso woopsa ku mtima. Ziwiri zonsezi sizinunkha anyezi. Koma chenjerani ndi msampha uwu: mukathyola ma ramps angapo zala zanu zimatenga fungo, ndiye chilichonse chimene mwagwira chimayamba kununkha adyo. Tsamba lililonse muziliyang'ana palokha, ndipo ulendo woyamba muziyenda pambuyo pa munthu wodziwa.

Mwafunsa kuti muzule angati. Ine ndikuti musazule. Tengani mpeni, mudule tsamba limodzi pa chomera chimene chili ndi awiri kapena atatu, kamutu mukasiye pomwepo. A Cherokee, eni nthaka a kumapiri a Appalachia, akafuna mbali yoyera ija amadula pamwamba pa mizu, tsinde la mizu n'kulisiya m'dothi kuti liphukenso. Kuzula ndi mizu yomwe ndiko kunachititsa boma la Quebec kuletsa malonda a ma ramps mu 1995, munthu n'kumaloledwa mitu 50 yokha pachaka yodyera pakhomo pake. Paki ya Great Smoky Mountains, ya m'malire a Tennessee ndi North Carolina, nayo inaletsa kuzula mu 2002, ndipo kafukufuku wa m'paki yomweyo anapeza kuti ngati ukufuna kuti pamalo pasathe, ungachotsepo chomera chimodzi pa 10 zilizonse, kamodzi pa zaka 10. Funsaninso kaye mwini malo. Kumeneko nkhalango zambiri zili ndi eni ake, ndipo si kuno kumene ukapezeka m'munda wa wina umangoti ndimadutsa. Inu ndinu mlendo wokhala ndi mapepala a sukulu, musawaike pachiswe chifukwa cha ndiwo.

Funso: Potola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina ndinapeza tizomera ta mitu yonga anyezi. Ndingaphike? — Mayi wa ku Msongwe

Yankho: Ayi mayi, musaphike. Tchire lathu lili ndi zomera zambiri za mitu ndi timbatata tokongola zimene zili poizoni woopsa. Duwa lija loyanga, la maluwa ofiira ndi achikasu opiringizika, lotchedwa Gloriosa superba, kambatata kake kamapha munthu, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti wodyayo amatha maola angapo akuoneka bwinobwino asanayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Lina ndi Boophone disticha, la mutu waukulu wotulukira pamwamba pa dothi, limene alenje akale kum'mwera kwa Africa ankapaka ku mivi. Ngati mukufuna kudziwa chimene mwapezacho, chijambuleni chili ndi maluwa ake, mukaonetse akatswiri a ku Botanic Gardens kuno ku Mzuzu kapena a zomera ku Mzuzu University. Mwana akadya chotere mosadziwa, musadikire kuti muone mmene zikhalire. Thamangirani kuchipatala mutanyamula chomeracho.

Funso: Ndimaphika chinaka n'kumagulitsa ku Zigwagwa. Kale timbatata take tinkabwera tikulutikulu, lero obweretsa akubwera ndi tating'ono, mtengo n'kumangokwera. Kodi sindingadzale ndekha kudimba monga timachitira ndi mbatata? — Mayi wa ku Chibavi

Yankho: Mayi, mwa mafunso onse a mwezi uno lanuli ndi limene landikhala mumtima, chifukwa zimene a ku Quebec anaona ndi ma ramps ife tikuziona ndi chinaka, kungoti sitinayambe kuzikamba mokweza.

Chinaka ndi timbatata ta maluwa a orchid omera pansi, a magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria, okonda m'madambo ndi m'maudzu a pamwamba pa mapiri monga Nyika ndi Viphya. Nyika yokha ili ndi mitundu ya orchid yoposa 200. Mukafukula chomera chimodzi mosamala mudzaona timbatata tiwiri. Kena n'kofota, kamakwinya, kamene kadyetsa chomeracho chaka chino. Kena n'kolimba, kodzadza, kamene ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Wokumba amatenga kolimbako, poti ndi kamene kamagwirana bwino mumphika mukasinja n'kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo. Kakachoka ako chomera chatha, palibe pophukira. Timbatata tating'ono timene mukulandirato tikukuuzani kuti tikulutikulu tinatha pamalo amene akukumbawo, tsopano afika pa ana.

Anzathu a ku Tanzania anafika pamenepa kale. Kafukufuku wa mu 2003 anayerekeza kuti timbatata 2.2 miliyoni mpaka 4.1 miliyoni tinkatuluka m'mapiri a kum'mwera kwa dzikolo chaka chilichonse kupita ku Zambia, kumene chinaka, chomwe iwo amati chikanda, chili pamsika uliwonse. Mu 2005 boma lawo linasandutsa phiri la Kitulo kukhala paki, makamaka pofuna kuteteza maluwa.

Tsono za kudzala. Njere za orchid ndi fumbi chabe, zilibe chakudya mkati monga mmene nyemba kapena chimanga zilili. Kuti kanjere kamere kayenera kukumana ndi mtundu wina wa bowa wosaoneka ndi maso, wokhala m'dothi lakomweko, amene amakadyetsa mpaka katulutse tsamba. M'dothi la kudimba, limene lagaulidwa ndi kuthiridwa feteleza zaka zambirimbiri, bowa wotereyu simungamudalire. Kambatata mukakaokera kakhoza kuphuka, koma sikaberekana ngati mbatatesi. Kamodzi kamabweza kamodzi, mwina tiwiri mukachita mwayi, ndiye mudzakhala mukuthirira chaka chonse kuti mukolole chomwe munadzala. Ku Zambia akatswiri a Copperbelt University mogwirizana ndi a Kew Gardens ya ku London anayesapo kumeretsa njerezi m'mabotolo mu labotale. Ndi ntchito yabwino, koma si ya khasu ndi ndowa.

Ena amandifunsa kuti nanga bwanji bowa timazula chaka ndi chaka koma osatha? Bowa amene timazulayo ndi chipatso chabe. Thupi lake ndi timaulusi tobisika m'dothi. Ta manyame ndi ndelema timagwirana ndi mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku, pamene ta utale timakhala m'chulu, chiswe n'kumatisamalira. Chimene chimapha bowa si dengu la mayi wozula, ndi nkhwangwa ya wootcha makala. Bonongwe, chisoso ndi luni timangothyola nsonga, zimaphukanso, kenako n'kudzimwaza zokha. Chinaka chili m'gulu lina, pamodzi ndi ma ramps aja, poti kamene timafuna kudyako ndi komwenso chomera chimadalira kuti chidzakhalepo mawa.

Sindikukuuzani kuti musiye geni, mayi, ndikudziwa kuti ndi imene ikulipira fizi. Inenso chinaka ndimachikonda, chodula mopyapyala, chothira tsabola pang'ono. Koma inu ogula ndi amene muli ndi mphamvu pa wokumba. Gwirizanani ndi ophika anzanu kuti timbatata tating'ono muzitibweza. Akaona kuti sitikugulika asiya kutikumba, koma mukamakana nokha mnzanu wa pambali n'kumatenga, palibe chisinthe. Muzifunsanso kumene akumba. M'paki ya Nyika kukumba n'kuphwanya lamulo, ndipo wopezeka ndi katundu wochokera m'paki naye amalowa m'mavuto. Tochokera kunja kudzera pa Songwe natonso timafuna mapepala, chifukwa maluwa onse a orchid ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zam'tchire pakati pa mayiko.

Kumidzi kumene madambo ali m'manja mwa mafumu ndi kumene pangachitike zenizeni. Okumba azidikira kuti maluwa aume ndi njere ziuluke asanalowe ndi khasu, asamamalize zonse pamalo amodzi, ndipo madambo azipumira mosinthanasinthana kwa zaka zingapo. Zotere zimayenda zikadzera kwa a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, ndipo inu amene mumawadziwa obweretsawo ndi midzi yomwe amachokera ndi amene mungaiyambitse nkhaniyi.

Bambo a ku Mchengautuwa amene munafunsa za kufota kwa tomato, malo atichepera, yankho lanu mulipeza mwezi wamawa.